Ndalama ndi zawo, nanga mafunso ndi a ndani? Maubale a mayunivesite athu ndi akunja, tikuonera pa Ndata

Pa Ndata, kufupi ndi Goliati m'boma la Thyolo, pali yunivesite imene mbiri yake simungaifotokoze osatchula Beijing ndi Taipei. Kuyambira mu 1966 dziko la Malawi linali pa ubale ndi Taiwan. Kumapeto kwa Disembala 2007 boma la malemu Bingu wa Mutharika linatembenukira ku China, ndipo nkhaniyi inalengezedwa mu Januwale 2008. Madokotala a ku Taiwan amene ankathandiza pa chipatala chachikulu cha Mzuzu analongedza katundu n'kumapita. M'zaka zotsatira tinaona nyumba ya malamulo ku Lilongwe, msewu wa Karonga–Chitipa, malo a misonkhano a BICC, komanso Malawi University of Science and Technology, imene aliyense amangoti MUST. Inamangidwa ndi ngongole ya madola pafupifupi 80 miliyoni yochokera ku Exim Bank ya ku China. Lamulo loikhazikitsa linadutsa mu 2012, ndipo ophunzira oyamba analowa mu 2014, a Bingu atagona kale pa Mpumulo wa Bata, pomwepo pa Ndata.

Poyamba sukuluyi inkayenera kumangidwa ku Lilongwe. A Bingu anaisamutsira kwawo n'kupereka gawo la munda wawo, ndipo phokoso limene linabuka nthawi imeneyo ambiri akulikumbukirabe. Ife a kuno sitinadandaule, tinene zoona. Komabe mbiri imeneyi ikutionetsa poyera chinthu chimene chimabisika m'maubale ena onse a mayunivesite: maphunziro apamwamba amayenda m'njira imene ndale ndi ndalama zalambula. Amene akupereka ndalama amakhala ndi zifukwa zake, amene akulandira ali ndi zakenso, ndipo wophunzira kapena mlimi amene dzina lake lili pa chikalata chopemphera thandizolo nthawi zambiri sadziwa zimene anagwirizana.

Zimenezi sizinayambe ndi China. University of Malawi itatsegulidwa mu 1965, inadalira kwambiri aphunzitsi ndi ndalama za ku Britain, pamene dziko la America linathandiza kumanga Polytechnic ku Blantyre ndi koleji ya zaulimi ya Bunda. Inali nthawi ya mpikisano wa mayiko a azungu ndi a chikomyunizimu, ndipo Kamuzu anali atasankha mbali yake mosabisa. College of Medicine isanatsegulidwe mu 1991, ophunzira udokotala ankatumizidwa kunja, ena ku St Andrews ku Scotland. Ubale wa Scotland umenewo unadzasainidwa mwalamulo mu 2005 pakati pa a Bingu ndi a Jack McConnell, amene anali mtsogoleri wa boma la Scotland. Dziko la Norway nalo lakhala zaka zambiri likuthira ndalama ku Bunda, imene lero ili pansi pa LUANAR.

Tikamva pa wailesi kuti yunivesite yakuti yasainirana mgwirizano ndi inzake ya kunja, nthawi zambiri chimene chasainidwa ndi MoU, chikalata chongonena kuti mbali ziwirizi zikufuna kugwirira ntchito limodzi. Mulibe ndalama m'menemo. Akuluakulu amajambulitsa atagwirana chanza, chikalata chimalowa m'kabati, ndipo zambiri mwa zikalata zoterezi zimatha nthawi yake popanda wophunzira ndi mmodzi yemwe amene wakwera ndege. Ubale umayamba kupuma pokhapokha pakapezeka wachitatu wolipira: boma la kunja, bungwe ngati Wellcome Trust kapena Gates Foundation, Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, kapena kampani. Wachitatuyu ndi amene ali ndi mphamvu zenizeni, ngakhale pa chithunzi saoneka.

Zimayenda motere. Wopereka ndalama amalengeza kuti ali ndi thumba la kafukufuku wa nkhani yakuti, mwina malungo, kusintha kwa nyengo kapena chakudya, ndipo amaika tsiku lotsekera. Kawirikawiri lamulo limati wotsogolera pempho akhale wa yunivesite ya kwawo. Pulofesa wa ku Liverpool kapena ku Michigan amalemba pempholo, n'kufunafuna mnzake wa ku Malawi woti dzina lake lilowemo, chifukwa popanda mnzake wa kuno pempholo silingadutse. Nthawi zina mphunzitsi wathu amalandira imelo kutatsala masiku owerengeka, funso la kafukufuku litasankhidwa kale, bajeti itagawidwa kale, iye akungopemphedwa kutumiza mbiri ya maphunziro ake ndi kalata yovomereza yochokera kwa akuluakulu a sukulu. Angakane bwanji? Malipiro ake ndi a kwacha, kalasi yake ili ndi ophunzira mazana, ndipo mu bajetimo muli kompyuta, galimoto ya pulojekiti ndi mwayi wa PhD wa wophunzira wake mmodzi.

Pali mzere wina mu bajeti umene anthu wamba saumva koma ndi umene umamanga kapena kugwetsa yunivesite. Ndi ndalama zoyendetsera sukulu, zolipirira magetsi, intaneti, akauntanti, alonda ndi kukonza denga la labu. Bungwe la boma la America loona za kafukufuku wa zaumoyo, NIH, limapereka ndalama zimenezi pa mlingo wa 8 peresenti yokha ya ndalama za kafukufukuyo ku masukulu a kunja kwa America, pamene mayunivesite akuluakulu a kwawoko akhala akulandira kupitirira 50 peresenti. Ndiye kuti pa kafukufuku mmodzi yemweyo, sukulu imene ili ndi magetsi osazima imalandira zochuluka zolimbitsira nyumba yake, ndipo imene ikugula dizilo wa jenereta imalandira zochepa. Zaka zikamapita, wamphamvu amakulirakulira mphamvu, ndipo pempho lotsatira amatsogoleranso yemweyo chifukwa ndi amene "ali ndi kuthekera".

Wina asamve ngati ndikunyoza. Maubale amenewa apulumutsa miyoyo ya anthu amene timawadziwa ndi maina. Blantyre Malaria Project, imene Terrie Taylor wa ku Michigan State University ndi Malcolm Molyneux anayambitsa m'ma 1980 pa chipatala cha Gulupu, inatulutsa njira yoyezera kukomoka kwa mwana wodwala malungo imene madokotala a m'mayiko ambiri amagwiritsa ntchito, ndipo imadziwika ndi dzina la Blantyre. Pulogalamu ya kafukufuku wa zaumoyo ya Malawi-Liverpool-Wellcome inayamba mu 1995. Mu 2018 ana pafupifupi 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa analowa mu kafukufuku wa katemera wa typhoid, zotsatira zinaonetsa kuti katemerayo amateteza ana pafupifupi 8 mwa 10 alionse, ndipo mu 2023 boma linayamba kumupereka m'dziko lonse, kuphatikizapo m'zipatala za ku Thyolo ndi ku Mulanje. Kafukufuku wa HPTN 052, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2011 ndipo Lilongwe ndi Blantyre anali ena mwa malo ake, anatsimikiza kuti munthu akayamba msanga kumwa ma ARV mwayi wopatsira mnzake kachilombo umatsika ndi 96 peresenti. Makina a Pumani, othandiza makanda obadwa masiku osakwana kupuma, anatuluka mu ubale wa Rice University ya ku Texas ndi madokotala a ku Gulupu. Mayi wa kwa Bvumbwe amene khanda lake linapulumuka pa makina amenewo safuna kumva za 8 peresenti, ndipo sindingamutsutse.

Koma taonani kumene zitsanzo zonsezi zaunjikana. Ndi za matenda, makamaka opatsirana, chifukwa ndiko kumene ndalama za dziko lapansi zili. Kafukufuku wa nthaka ya m'mapiri a Thyolo imene ikukokoloka, wa matenda amene anatha nthochi za ku Molere ndi ku Thekerani, wa mmene chinanazi cha ku Mulanje chingasungidwire kuti chisaole pa msewu, sapeza thumba lalikulu chotero. Sikuti akunjawo ndi oipa mtima. Aliyense amalipirira funso limene likumusowetsa tulo, ndipo matenda amene angawoloke nyanja amasowetsa tulo anthu ambiri kuposa chinanazi.

Ntchito yeniyeni ya kafukufuku ikafika m'mudzi imaoneka chonchi. Mnyamata kapena mtsikana amene anamaliza digiri, wolembedwa kontirakiti ya miyezi ingapo, amayamba wakaonekera kwa amfumu, kenako amayenda khomo ndi khomo limodzi ndi mlangizi wa zaumoyo, tabuleti ili m'manja. Amakhala pa mkeka n'kuwerengera mayi wa pakhomopo chikalata cha chilolezo chimene chinalembedwa m'Chingerezi n'kumasuliridwa m'Chichewa cholimba ngati cha kukhoti. Mayi amadinda chala. Amafunsidwa kuti banja ladya kangati dzulo, mwana anatsekula m'mimba liti, ali ndi nkhuku zingati, ndipo nthawi zina mwana amatengedwa magazi pang'ono. Amalandira kangachepe kolipirira nthawi yawo. Madzulo tabuleti ikapeza netiweki, mayankho onse amapita ku kompyuta yaikulu imene mwina ili ku Blantyre, mwina ku Ulaya. Patapita zaka ziwiri kapena zitatu nkhani imatuluka m'magazini ya akatswiri, dzina loyamba ndi lomaliza, amene ndi maina olemera pa nkhani zoterezi, ali a anthu a kunja, a kwathu ali pakati. Mayi uja samva chilichonse. Anthu a kuno amaidziwa bwino njira imeneyi, chifukwa ndi yomwe tiyi wathu amayenda: timatchola ife, amagulitsidwa pa okushoni ku Limbe, ndipo amakasakanizidwa ndi kupakidwa kwina pansi pa dzina la kampani ina.

Kusabwerera kukanena zotsatiraku kuli ndi mtengo wake. Mu Sepitembala ndi Okutobala 2017 mphekesera za anamapopa zinayambira ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, ku Thyolo mpaka ku Blantyre. Anthu anaphedwa, bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena, ndipo ogwira ntchito zaumoyo ankaopa kulowa m'midzi atanyamula zida zawo. Mphekeserazo zinali zabodza ndipo zinali ndi mizu yambiri, umphawi, ndale ndi mantha akale. Komabe pamene anthu akhala akuona alendo akubwera pa galimoto zoyera, kutenga magazi n'kupita osabweranso kudzafotokoza, bodza limapeza nthaka yofewa. Malamulo alipo. Kafukufuku wa zaumoyo sayamba asanavomerezedwe ndi makomiti monga COMREC kapena NHSRC, ndipo magazi satuluka m'dziko popanda chikalata chonena kumene akupita ndi chimene akachite nawo. Koma makomitiwo amakhala m'tauni, ndipo chikalata chawo sichiwerengedwa pa bwalo la amfumu.

Mbali ya ndale ili ndi nkhope ziwiri. Kwa dziko lopereka, sikolashipu ndi njira yotchipa yopezera abwenzi a mawa. Mnyamata amene waphunzira zaka zisanu ku Wuhan kapena ku Leeds amabwerera akudziwa chilankhulo, makina ndi makampani a kumeneko, ndipo tsiku lina adzakhala mlembi wamkulu mu unduna umene ukugula zinthu. Ndi chifukwa chake Britain ili ndi Chevening ndi Commonwealth, America ili ndi Fulbright, ndipo China imapereka malo ambiri a maphunziro komanso inatsegula Confucius Institute, malo ophunzitsira chilankhulo ndi chikhalidwe cha ku China, pansi pa University of Malawi. Atsogoleri athu omwe ndi umboni: Kamuzu anaphunzira ku America ndi ku Scotland, a Bingu ku India, a Peter Mutharika ku London ndi ku Yale asanakaphunzitse zaka zambiri ku Washington University ku St Louis.

Kwa boma lolandira, nyumba ya yunivesite ndi chinthu chooneka chimene ungaloze pa msonkhano wa chipani. Labu yodzaza ndi zipangizo, malipiro a katswiri wokonza makina, ndalama zolembetsera magazini a sayansi, zimenezi sizikoka mavoti, ndiye zimasiyidwira abwenzi akunja. Apa ndi pamene ubale umasanduka chingwe. Mu Febuluwale 2011 mkulu wa apolisi Peter Mukhito anaitanitsa Blessings Chinsinga, mphunzitsi wa ndale ku Chancellor College, kukamufunsa za chitsanzo chimene anapereka m'kalasi. Aphunzitsi ananyanyala kwa miyezi yambiri pofuna ufulu wophunzitsa mosaopa, Jessie Kabwila ali patsogolo. Mu Epulo chaka chomwecho kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, anathamangitsidwa, ndipo mu Julaye Britain inaimitsa thandizo la mu bajeti ya boma. M'nyengo ngati imeneyo mphunzitsi amene ali ndi anzake kunja amakhala ndi pothawira ndiponso omulankhulira, ndipo n'chifukwa chake maboma amakonda ubale wa mainjiniya ndi madokotala kuposa wa aphunzitsi a ndale, malamulo ndi mbiri.

Ku chuma, phindu loyamba ndi losavuta kuliona. Ndalama za kafukufuku zimabwera m'madola ndi m'mapaundi m'dziko limene likusowa ndalama zakunja, ndipo kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kusiyana pakati pa wogwira ntchito ya pulojekiti ndi mnzake wa boma kunakula koopsa. Namwino waluso amachoka m'wodi kupita ku kafukufuku, mpanda womwewo, chipatala chomwecho. Sanapite ku Manchester, koma wodi yamutaya. Kuzungulira Ndata, MUST yabweretsa msika wa nyumba za lendi, akabaza, ogulitsa chipisi ndi osindikiza mapepala, ndipo mtengo wa malo unakwera. Chimenecho ndi chuma ndithu, koma ndi chuma cha anthu odyera pa sukulu, osati cha zinthu zotuluka mu sukulu.

Phindu lachiwiri, limene masomphenya a chitukuko cha dziko a Malawi 2063 akulota, ndi loti nzeru zisanduke mafakitale, ndipo apa mpovuta. African Drone and Data Academy inatsegulidwa mu Januwale 2020 ndi UNICEF, Virginia Tech ndi MUST, ndipo yaphunzitsa achinyamata ochokera m'mayiko ambiri a mu Africa kupanga ndi kuulutsa madironi komanso kuwerenga zithunzi za m'mwamba. Luso limeneli ndi lofunika m'dera limene namondwe Freddy anagumula mapiri mu Malichi 2023. Funso ndi loti womaliza maphunzirowo amulemba ntchito ndani, khonsolo ya boma ikalephera kugula ngakhale mafuta a galimoto.

Za miyala ya mtengo wapatali zikuonetsa bwino kumene phindu limakathera. Pa phiri la Songwe ku Phalombe, kuseri kwa phiri la Mulanje, pali miyala ya rare earth imene imafunika popanga maginito a galimoto zamagetsi ndi makina opangira magetsi a mphepo. Akatswiri a Camborne School of Mines ya University of Exeter anaifufuza mozama miyala imeneyi. Kampani ya Mkango Resources, imene ili ndi chilolezo pa Songwe, inalowanso mu bizinesi yobwezeretsa maginito akale pogwiritsa ntchito luso lopangidwa ku University of Birmingham. Palibe cholakwika pamenepo, ndi mmene yunivesite ndi kampani zimadyetserana m'mayiko olemera. Koma boma lathu likakhala pa tebulo kukambirana za msonkho ndi gawo la dziko pa mgodi, mbali inayo imabwera ndi zaka za kafukufuku m'chikwama. MUST ili ndi sukulu ya za nyengo ndi nthaka, Ndata School of Climate and Earth Sciences. Ubale umene ungaipatse makina oyezera miyala, katswiri wowakonza ndi ufulu wosunga zotsatira ungatithandize pa tebulo limenelo kuposa masikolashipu khumi a anthu amene sadzapeza labu pobwerera.

Chaka cha 2025 chinatiphunzitsa mwankhanza kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mu Januwale boma la Donald Trump linaimitsa thandizo la kunja, kenako bungwe lake lothandiza mayiko ena la USAID linatsekedwa, ndipo mapulojekiti a maphunziro apamwamba amene ankayenda kudzera m'mayunivesite a ku America anaima pakati pa ulendo, ophunzira ena amene ankalipiriridwa fizi n'kutsala manja ali m'khosi. Mu Ogasiti dziko lomwelo linayamba kufuna chikole cha madola 5,000 mpaka 15,000 kwa Amalawi opempha viza ya ulendo waufupi, imene mphunzitsi amafuna akamapita ku msonkhano wa akatswiri. Britain inali itachitapo kale zofanana mu 2021, pamene inatsitsa thandizo lake kuchoka pa 0.7 kufika pa 0.5 peresenti ya chuma chake, ndipo kafukufuku amene anali atayamba kale anadulidwa ndalama. Palibe Mmalawi amene anavota pa zisankho zimene zinabweretsa zonsezi. Ngongole ya nyumba za pa Ndata yokha ndiyo siima, timabweza ndi misonkho yathu kaya abwenzi alipo kaya apita.

Pali malo amodzi kuno kwathu amene amayenda mosiyana, ndipo sakhala m'nyuzipepala kawirikawiri. Ku Mimosa, ku Mulanje, kuli Tea Research Foundation of Central Africa, imene inakhazikitsidwa mu 1966 ndipo ndalama zake zambiri zimachokera kwa olima tiyi eni ake. Tiyi anayamba kulimidwa ku Mulanje mu 1891, ndipo vuto lake lalikulu kuno ndi chilimwe chachitali chimene madera a tiyi a ku Kenya sachidziwa. Akatswiri a ku Mimosa anatha zaka akusankha ndi kukweranitsa mitengo kufuna yopirira ng'amba ndi yopatsa tiyi wa mtundu wabwino, ndipo mbewu zawo monga SFS 150 ndi PC 108 zabzalidwa mpaka m'mayiko ena. Nawonso amagwira ntchito ndi mayunivesite akunja, monga University of Pretoria, koma amapita kumeneko atanyamula funso lawo, chifukwa wolipira ali pompano ndipo akufuna yankho m'munda mwake.

Ngakhale pamenepo nkhani ya mwini ndalama siitha, imangosamukira pafupi. Tiyi wambiri ndi wa maesiteti, ndiye mafunso amene amafulumira kuyankhidwa ndi a esiteti: kuthirira, makina otcholera, mbewu zobzala pa mahekitala mazana. Mlimi wa theka la hekitala wa ku Sukambizi kapena ku Msuwadzi ali ndi mafunso ena. Akazula tiyi wakale kuti abzale mbewu yatsopano adya chiyani zaka zimene akudikira kuti ayambenso kutchola, feteleza wochepa amene angakwanitse amuthire liti, ndipo masamba ake amataya makilogalamu angati akamadikira thirakitala ya fakitale padzuwa. MUST ndi Mimosa zili m'maboma oyandikana, ndipo wophunzira wa pa Ndata angafike m'minda imeneyi ndi kubwerera tsiku lomwelo pa minibasi.